Mayi Amene Anaphunzitsa Kompyuta Kuona Mtima

Tsiku limene Pilira anachotsedwa ntchito ku Irene, dera lina la ku Pretoria, anakanika kuyenda kuchoka pageti la abwana ake kukafika pokwerera matakisi. Sunali mtunda wautali. Masiku ena onse ankaudutsa akuyimba nyimbo za kukwaya. Koma tsiku limenelo anangofika pakati n'kukhala pansi m'mphepete mwa msewu, khanda lili kumbuyo, chikwama cha zovala chili pamiyendo, akupuma ngati munthu amene wathamangitsidwa ndi agalu.

Magalimoto okongola ankadutsa, magalasi ali otseka. Iye anayang'ana mapazi ake otupa amene anali atakana kulowa m'nsapato, n'kudzifunsa ngati chimene anadzera ku Joni kuno chinali imfa.

Inu amene mukuwerenga izi mtima uli pansi, kaya ntchito yatha, kaya mayeso akugwetsani, kaya thupi lakukanani, khalani kaye pansi mumve za mayi ameneyu.

Pilira ndi mwana wa ku Ntcheu. Kusukulu masamu ankangowamwa ngati madzi, moti anzake ankamuzungulira nthawi yopuma kuti awathandize. Koma pa mayeso a Fomu 4 Chingerezi chinamugwetsa, ndipo tonse tikudziwa kuti kwathu ukalakwa Chingerezi, satifiketi imakulambalala ngakhale zina zonse utakhoza. Pakhomo panalibe woti amubwezere kusukulu. Anatsatira mlongo wake Yobu, amene ankasamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za ku Pretoria, ndipo ndi iyeyo amene anamupezera ntchito ya m'nyumba.

Kumeneko anakwatiwa ndi mnyamata wina dzina lake Clever. Mimba itayamba kuoneka, Clever anati akupita ku Kepu kukafuna ntchito yabwinopo, ndipo adzamuitana zinthu zikayenda. Foni yake inkalira osayankhidwa, kenako inasiyiratu kulira.

Mwana anabadwa bwinobwino, wamkazi, ndipo anamutcha Debra. Mavuto anayamba pambuyo pake. Miyendo ya Pilira inatupa. Chifuwa chouma chinamugwira osamusiya. Akagona chagada mpweya unkamuthera, moti anayamba kugona chokhala, atatsamira khoma.

Anapita kukiliniki ya pafupi. Anamuuza kuti ndi kutopa kwa uchembere, apume ndipo azidya bwino. Sikuti anamunyalanyaza dala. Mzere unali wautali, anamwino ochepa, ndipo pamalopo panalibe makina oonera m'kati mwa chifuwa, ngakhale munthu wodziwa kuwerenga zithunzi zake.

Adona ake anapirira kwa kanthawi. Koma nyumba inali yosanja, ndipo wantchito wawo anali atayamba kupumira pa sitepe iliyonse. Tsiku lina anamuitanira kukhitchini n'kumuuza mwaulemu kuti apeza munthu wina.

Amene anamupeza pamsewu paja anali Mayi Dailesi, mayi wachikulire wa ku Thyolo amene ankagwira ntchito m'nyumba ina ya m'dera lomwelo. Ankangodziwana kutchalitchi basi. Mayiwo sanafunse zambiri. Anamasula khanda kumbuyo kwa Pilira n'kulibereka okha.

"Dzuka mwana wanga. Usafere pamsewu wa eni. Tiye kwathu."

Kwawoko kunali kukomboni ya Olieven, m'kanyumba ka malata kamene kuno amati mkhukhu. Bedi linali limodzi. Mayi Dailesi analisiyira wodwalayo, iwo n'kuyala pansi. Patapita masiku ochepa, m'mawa wina anaona milomo ya Pilira itatuwa ndipo mawu sakutuluka. Anaimbira Yobu, napempha galimoto kwa neba, n'kuthamangira naye kuchipatala chachikulu cha boma m'tauni.

Kumeneko n'kumene anakumana ndi Dokotala Rehana, katswiri wa matenda a mtima, mayi wamfupi woyankhula pang'onopang'ono. Anamupaka mafuta ozizira pachifuwa, n'kuikapo kachipangizo kakang'ono. Pagalasi la makina panaoneka chinthu chotuwa chikugwedezeka. Pilira anali asanauonepo mtima wake.

Dokotalayo anamufotokozera kuti mtima ndi mnofu, ndipo ntchito yake ndi kufinya magazi kuti ayende m'thupi lonse. Mnofu wa mtima wake unali utafooka n'kutambasuka ngati lasitiki yakutha. Unkafinya pang'ono chabe, n'chifukwa chake madzi ankadzaza m'miyendo ndi m'mapapo. Anati matendawa amagwira amayi ena akatsala pang'ono kubereka kapena atangobereka kumene, ndipo akapezeka msanga mankhwala amathandiza ambiri.

Pabedi loyandikana ndi lake panagona mayi wina dzina lake Keresia, wobadwira ku Zimbabwe koma agogo ake anali a ku Dedza. Chichewa chake chinali chosakaniza ndi Chishona, ndipo ankaseketsa wodi yonse ngakhale mpweya unkamuperewera. Matenda awo anali amodzi. Kusiyana kwake kunali kwakuti Keresia anazungulira m'makiliniki nthawi yaitali, akupatsidwa mankhwala a chifuwa, asanafike kwa munthu woti auone mtima wake.

Keresia sanatuluke m'chipatalamo wamoyo. Anasiya ana amapasa.

Tsiku limene anatulutsa mtembo wake, Pilira anagwira dzanja la Dokotala Rehana n'kuwafunsa chifukwa chake mnzake wapita pomwe iye watsala. Dokotalayo sanabise. Anati matenda a Keresia anadziwika mochedwa. Anthu odziwa kuwerenga zithunzi za mtima ndi ochepa, ndipo pafupifupi onse ali m'zipatala zikuluzikulu, kutali ndi kumene odwala amayambira kukafuna thandizo.

Mawu amenewa anakhala mwa Pilira ngati munga.

Ali m'chipatala momwemo, kunabwera bambo wina wachinyamata wovala magalasi, atanyamula laputopu. Anaima pafupi ndi bedi lake n'kunena kuti, "Muli bwanji, achemwali?"

Pilira anadzidzimuka. Bamboyo anali Kudzanai, katswiri wa makompyuta, nayenso wobadwira ku Zimbabwe m'banja la anthu ochokera ku Malawi. Ankagwira ntchito ndi Dokotala Rehana pa kafukufuku wina. Ankafuna kuphunzitsa kompyuta kuti izitha kuyang'ana zithunzi za mtima n'kuchenjeza ngati mnofu wake ukudwala, kuti namwino wa pakiliniki yaing'ono azidziwa wodwala woyenera kumutumiza msanga kwa dokotala. Anabwera kudzapempha ngati angagwiritse ntchito zithunzi za mtima wa Pilira, dzina lake atalichotsapo.

Pilira anafunsa kuti kompyuta ingaphunzire bwanji ilibe maso kapena mutu. Kudzanai anamwetulira n'kumufunsa ngati atangofika ku Joni alipo amene anamupatsa buku la zizindikiro za zala zoimitsira takisi. Pilira anaseka mpaka kutsokomola. Anati sabata yake yoyamba anaimika chala molakwika n'kukatsikira ku Mamelodi pomwe ankafuna kwina.

"Ndiye munaphunzira poona anzanu, polakwitsa, ndi pokonzedwa," anatero Kudzanai. "Kompyuta nayo ndi chimodzimodzi. Timaionetsa mitima yambirimbiri, uwu wodwala, uwu wabwino. Ikalakwitsa timaikonza, ikalakwitsanso timaikonzanso, mpaka iyambe kuzindikira yokha. Ife timati deep learning."

Pilira anavomera. Anati ngati mtima wake wakuthawo ungathandize munthu wina, autenge.

Kuchira kunali kwapang'onopang'ono. Anabwerera kumkhukhu kwa Mayi Dailesi ndi mulu wa mankhwala. Poyamba ankangokwanitsa kufika pampopi wa madzi. Kenako anayamba kufika pashopu. Yobu ankabweretsa ndiwo Loweruka lililonse, ndipo amayi a kutchalitchi ankasinthana kumusungira Debra akamapita kukaonedwa kuchipatala.

Pabenchi lodikirira dokotala anayamba kuona Amalawi anzake akuvutika kufotokoza ululu wawo. Chingerezi chimene chinamugwetsa kusukulu chinali chitamulowa m'khutu kukhitchini kwa adona, choncho anayamba kuwamasulira. Anamwino anamuzolowera. Akamaliza kumasulirako, Pilira ankakaima pakhomo la kachipinda kamene Kudzanai ndi anzake ankagwiriramo ntchito, n'kumaonerera.

Ntchito yawo ina inali yojambula mizere pa zithunzi, kuzungulira zipinda za mtima, kuti kompyuta idziwe pamene mnofu ukuyambira ndi pamene ukuthera. Tsiku lina Pilira analimba mtima n'kupempha kuti ayese. Kudzanai anamupatsa zithunzi zophunzirira.

Analakwitsa zonse. Sankadziwa kuti pagalasipo mtima umaoneka chozondoka, nsonga yake ili m'mwamba. Chipinda cham'munsi anachitenga ngati cham'mwamba, chakumanzere ngati chakumanja. Anachita manyazi, koma sabata yotsatira anabweranso. Anapempha buku lakale la thupi la munthu, n'kumajambula mitima pa makatoni a shuga mpaka dzanja lake linazolowera. Atauzidwa kuti mphamvu ya mtima amaiyeza poyerekeza magazi amene alowa ndi amene atuluka, nkhope yake inawala. Amenewo anali masamu, ndipo masamu anali kwawo.

Dokotala Rehana anaona khama lakelo ndipo anamuitana. Anamuuza mosapsatira kuti akufuna atamulemba ntchito ndi kumuthandiza kuphunzira za makompyuta, koma popanda satifiketi ya sekondale ndi mapepala oyenera okhalira m'dzikomo, manja awo ndi omangika. Njira inali imodzi: abwerere kumudzi, akalembenso mayeso, akakonze mapepala, ndipo iwo adzamudikira.

Pilira anafika kunyumba maso ali ofiira. Yobu anamuuza kuti aiwale za maloto a anthu ophunzira, iye amupezera nyumba ina yopanda masitepe. Anati anthu amalimbana kuti alowe m'dziko lino, ndipo palibe wanzeru amene amatuluka dala.

Mayi Dailesi anamvetsera mpaka Yobu atamaliza. Kenako anatembenukira kwa Pilira.

"Ine ndakalambira m'makhitchini a eni, ndipo sindichita nazo manyazi. Koma iwe khomo lakutsegukira. Ukapanda kulowa, udzakhala ukulira kawiri."

Pilira anakwera basi ya ku Malawi, Debra ali pamiyendo.

Ku Ntcheu anakalembetsa sukulu ya masana, ya anthu obwereza. Anakhala padesiki limodzi ndi ana amene akanatha kukhala ang'ono ake. Ankamutcha anti a Fomu 4. Anthu a m'mudzi ankanong'onezana kuti Joni yamulavula, wabwera ndi mwana wopanda bambo ndi matenda osadziwika. M'mawa ankagulitsa zitumbuwa pamsika, masana kukalowa m'kalasi. Mankhwala ake ankakatenga kuchipatala cha paboma, ndipo sanadumphitse kumwa. Kudzanai ankamutumizira maphunziro oyambira a makompyuta pafoni, ndipo iye ankakwera kachitunda ka kuseri kwa msika kumene netiweki inkagwira kuti awatsegule.

Zotsatira zitatuluka, Chingerezi chinali chitamugwetsanso. Kuyankhula ankatha, koma kulemba chimangirizo inali nkhani ina.

Anakhala masiku angapo osatuluka m'nyumba. Kenako analembera Dokotala Rehana uthenga kuti asamudikirenso, apeze wina. Yankho linabwera lalifupi. Dokotalayo anati kompyuta yawo nayo yalephera mayeso ake mwezi womwewo, ndipo palibe amene akuganiza zoitaya.

Pilira analembetsanso. Anapempha mphunzitsi wina wopuma pantchito kuti azimuchongera zolemba zake, iye n'kumathandiza zidzukulu za mphunzitsiyo masamu. Chaka chotsatira dzina lake linatuluka pakati pa okhoza. Mapepala omuloleza kukaphunzira ku Joni nawo anamuzunguza, kupita ku Lilongwe n'kubwerera chimanjamanja, koma pamapeto pake anatheka.

Anabwerera ku Pretoria kudzera pakhomo lakumaso. Ankaphunzira za makompyuta pakoleji ina ku Arcadia, ndipo masiku ena ankagwira ntchito ndi gulu la kafukufuku lija. Anayamba ndi kujambula mizere pa zithunzi. Kenako anaphunzira kulemba malangizo ouza kompyuta zochita, kuyesa pulogalamu, ndi kufufuza pamene ikulakwitsa.

Apa n'pamene panabuka vuto lalikulu. Pulogalamuyo inkachita bwino pa zithunzi zoyera za makina akuluakulu a m'chipatala. Koma kumakiliniki kunkayenera kupita kachipangizo kam'manja kolumikiza ku tabuleti, ndipo zithunzi zake zinali zachimbuuzi. Pa zithunzi zimenezo pulogalamu inkasokonezeka. Mitima yabwino inkaitcha yodwala, ndipo choopsa kwambiri, mitima ina yodwala inkaidutsitsa ngati yabwino. Amene ankathandiza kafukufukuyo ndi ndalama ananena kuti zinthu zikapanda kusintha, ntchito ithera pomwepo.

Mankhwala ake anali odziwika. Kompyuta inkafunika kuona mitima yambiri yojambulidwa ndi kachipangizo kakang'onoko, ya anthu wamba, odwala ndi abwino omwe. Koma anthu abwinobwino sabwera kuchipatala. Pilira anati awapeza kutchalitchi.

Lamlungu lina mapemphero atatha, m'holo ya sukulu imene mpingo wawo unkabwereka ku Olieven, anaimirira n'kufotokoza. Anati kujambulako sikupweteka, satenga magazi, safunsa pasipoti, ndipo dzina la munthu limachotsedwa. Kenako bambo wina anaimirira kumbuyo.

"Lero mutijambula mtima, mawa tikwezedwa basi ya ku Beitbridge kutibweza kwathu. Ife tinabwera kudzagwira ntchito, osati kudzalowa m'makompyuta."

Anthu anavomereza chapansipansi. Pofika sabata yotsatira mphekesera zinali zitamera mapiko. Ena ankati Pilira akugulitsa mitima ya anthu kwa azungu. Ena ankati kuchira kwake sikunali kwa mankhwala okha. Amayi ena amene kale ankamusungira mwana anayamba kumupatsa moni wapatali. Yobu yemwe anamuuza kuti asiye kuchititsa manyazi banja.

Pilira sanawakwiyire. Ankadziwa kumene mantha awo ankachokera, chifukwa iyenso anakhalapo wobisala akaona galimoto ya apolisi. Anasiya kuwanyengerera ndi mawu ambiri. Lamlungu lina anabwera ndi tabuleti, pamodzi ndi namwino wa gulu lawo, n'kupempha abusa mphindi zochepa. Anaonetsa zithunzi ziwiri zoyenda. China chinali cha mtima waukulu wotambasuka, ukungogwedezeka mwaulesi. China chinali cha mtima wofinya mwamphamvu.

"Yonse iwiriyi ndi yanga," anatero. "Uwu ndi wa nthawi imene munkandibweretsera phala pabedi. Uwu ndi wa mwezi watha. Ine ndinapezeka nthawi isanathe. Mnzanga amene ndinagona naye m'wodi sanapezeke msanga, ndipo ana ake akuleredwa ndi ena. Sindikukakamiza munthu. Ndikungopempha."

Kenako Mayi Dailesi anaimirira, navula jekete lawo, n'kupita kuseri kwa nsalu imene namwino anatchinga pakona. Atatuluka anauza anthu kuti choopsa chokha ndi kuzizira kwa mafutawo. Amayi angapo anaseka n'kuwatsatira.

Tsiku limenelo anajambulidwa ochepa. Koma Lamlungu lotsatira anawonjezekera. Abusa anauza abusa anzawo. Gulu linayamba kuitanidwa ku mipingo ya ku Mamelodi, ku Atteridgeville, kwa alonda a ku Arcadia, kwa anyamata a mpira. Anthu anaona kuti palibe amene wasowa kapena kugwidwa. Angapo anapezeka ndi mavuto a mtima amene sankawadziwa, ndipo anatumizidwa kwa Dokotala Rehana.

Yobu anabwera mochedwa, chipewa chili m'manja, akunamizira kuti wangoperekeza mnzake. Atajambulidwa anafunsa mwamantha chimene apeza. Dokotala atatsimikiza kuti zonse zili bwino, Pilira anamuuza kuti, "Mtima wanu ulibe matenda, Achimwene. Kuuma kwake kokha n'kumene makinawa sangakuone." Yobu anaseka mpaka misozi, ndipo kuchokera tsiku limenelo ndi iye amene ankanyamula matebulo gululo likamapita kukajambula anthu.

Ndi zithunzi zatsopanozo pulogalamu inaphunzitsidwanso. Inalakwitsa, anaikonza. Inalakwitsanso, anaikonzanso. Pilira ankakhala ndi Kudzanai kufufuza chithunzi chilichonse chimene chaisokoneza, n'kukafunsa Dokotala Rehana chifukwa chake. Itayamba kuchita bwino, analoledwa kukaiyesa pakiliniki ina yaing'ono kufupi ndi mafakitale a ku Rosslyn, dokotala akuonanso chithunzi chilichonse pambuyo pake.

Kumeneko kunabwera mnyamata wina wa ku Zimbabwe dzina lake Edmore, wogwira ntchito pafakitale yopanga zitsulo za magalimoto. Anabwera kudzamangitsa chala chimene chinachekedwa ndi lata. Anali wamphamvu, wosewera mpira Lamlungu lililonse. Namwino anamupempha ngati angamujambule mtima, ndipo iye anavomera moseka. Tabuleti inaonetsa chenjezo lofiira.

Pilira anali pomwepo tsiku limenelo. Anaopa kuti pulogalamu yalakwitsanso, ndipo aopseza munthu wabwinobwino pachabe. Namwino anafunsa Edmore ngati anayamba wakomokapo. Iye anati kamodzi kokha, pabwalo la mpira, koma kunali dzuwa.

Dokotala Rehana anamuyeza ndi makina akuluakulu n'kutsimikiza. Mnofu wa mtima wa Edmore unali wokhuthala mopitirira muyeso. Amenewa ndi matenda ena a mnofu wa mtima, oyenda m'magazi a pabanja, ndipo amatha kugwetsa wachinyamata mwadzidzidzi akuthamanga. Anamupatsa mankhwala, namulangiza kuti aleke kaye mpira wolimbana, ndiponso kuti abale ake adzayezedwe.

Edmore anatuluka atakwiya. Anauza Pilira pakhomo kuti anabwera ndi chala, akubwerera ndi matenda, ndipo kompyuta yawoyo yamulanda chinthu chokha chimene chinkamusangalatsa ku Joni. Pilira sanamutsutse. Anangomuuza kuti iyenso amamwa mankhwala a mtima m'mawa uliwonse, ndipo akafuna wocheza naye adzamupeza.

Panapita nthawi osamveka. Kenako tsiku lina anatulukira kuchipatala ndi mlongo wake Rumbidzai, amene anali woyembekezera. Amayi awo anali atawakumbutsa pafoni kuti bambo awo anagwa n'kumwalira mwadzidzidzi ali kuntchito, akadali ndi mphamvu zawo, ndipo palibe anadziwa chifukwa chake. Rumbidzai atayezedwa, anapezeka ndi vuto lomwelo. Madokotala anamuyang'anira mwapadera mpaka tsiku lobereka, ndipo anachira bwino, mwana wamwamuna.

Amayi awo anabwera kuchokera ku Zimbabwe kudzaona mdzukulu. Anali mayi wokalamba, woyankhula Chichewa chakale cha makolo awo. Anaumirira kuti Edmore awaperekeze kumene kuli makina amene anapulumutsa ana awo. Atalowa m'kachipinda ka kafukufuku anayang'ana makompyuta onse, n'kufunsa Pilira kuti dokotala wokhala m'katimo ndi uti, amuthokoze.

Pilira anawakhazika pampando wake, iye n'kugwada pambali pawo.

"Amayi, mulibe dokotala m'menemu. Muli mitima ya anthu. Osamalira maluwa, ochapa zovala, alonda, amayi a kutchalitchi. Anali ndi mantha, koma anagona pansi n'kulola kuti tiwajambule. Makinawa anaphunzira kwa iwowo. Ngati mukuthokoza, thokozani amenewo."

Mayi wokalambayo anaomba m'manja pang'onopang'ono, mwaulemu wa kwawo, atayang'ana kompyutayo, ngati mmene munthu amaombera pamaso pa khamu la anthu. Kudzanai anavula magalasi n'kutuluka panja.

Lero Pilira akupitiriza maphunziro ake, ndipo ndi iye amene amaphunzitsa anamwino kagwiritsidwe ntchito ka kachipangizo kaja. Sabisa kuti pulogalamuyo idakali kuyesedwa, kuti nthawi zina imalakwitsa, ndipo kuti siilowa m'malo mwa dokotala. Ntchito yake ndi kukodola dokotala nthawi isanathe. Debra ali pasukulu. Mayi Dailesi amakhala nawo m'kafulati ka ku Arcadia, ndipo mwanayo amawatcha Agogo.

Mukamufunsa Pilira chinsinsi chake, satchula nzeru zake. Amatchula anthu: amene anamudzutsa, amene anamudikira atalephera, amene anamuphunzitsa osamuseka, ngakhale amene anamukana poyamba n'kudzavomera pambuyo pake. Amati palibe tsiku limene amadzuka osathokoza kuti akupuma.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina mayeso anakugwetsani kawiri. Mwina amene analonjeza kudzakutengani anasiya kuyankha foni. Mwina mukuona ngati zaka zapita ndipo desiki silikukuyeneraninso. Kulephera si dzina lanu. Dzanja likatambasulidwa ligwireni, musachite manyazi. Mukalakwitsa lolani kukonzedwa, ndipo mubwerenso mawa. Ndipo mukadzaimirira, mudzatembenuke kuona amene akadali pansi.

Malinga ngati ukugunda, mtima wanuwo musautaye.